Mafunso a Owerenga: Mafilimu a Chikatolika Oyenera Kuonera Pamodzi

Makalata angapo amene tinalandira mwezi uno kuchokera kwa Amalawi okhala mu Johannesburg akukhudza nkhani imodzi, ndiyo ya mafilimu amene Mkhristu angaonere n'kutolapo kanthu. Tasankhapo asanu, ndipo ena tawafupikitsa pang'ono.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mlembi wa mphakati wina wa Amalawi ku Rosettenville. Timakumana Lamulungu masana m'nyumba zathu mosinthana, ndipo tagwirizana kuti m'nyengo ya Lenti tizionera filimu pamodzi tikatha mapemphero. Vuto ndi lakuti ya moyo wa Yesu taionera kambirimbiri, ndipo amene achinyamata amabweretsa pa foni ndi aja oti munthu akangopemphera lero, mawa lake walemera ndipo adani ake apenga. Kodi alipo mafilimu a Chikatolika oti munthu wamkulu angaonere n'kuphunzirapo? Ndine Mayi wa ku Rosettenville.

YANKHO: Zikomo Mayi, mafilimu otero alipo, ndipo ndi ambiri kuposa masabata a Lenti. Mpingo nawonso unayamba kale kuiganizira nkhaniyi. Mu 1995, pamene dziko linkakumbukira kuti papita zaka 100 chiyambire luso la kanema, nthambi ya ku Vatican yoona za kufalitsa mauthenga inatulutsa mndandanda wa mafilimu 45 amene inawaona kuti ndi ofunika, ndipo inawagawa m'magulu atatu, a chipembedzo, a makhalidwe abwino ndi a luso. Ambiri mwa mafilimuwo mulibe chozizwitsa chilichonse, ndipo ena anawakonza anthu amene sankapemphera n'komwe. Mmodzi mwa iwo ndi Pier Paolo Pasolini wa ku Italy, amene ankanena poyera kuti sakhulupirira, koma mu 1964 anajambula Mthenga Wabwino wa Mateyo mokhulupirika kwambiri, pogwiritsa ntchito anthu wamba m'malo mwa akatswiri a zisudzo.

Muyezo umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi wakuti filimu yabwino ya Chikatolika imaonetsa munthu amene chikhulupiriro chake chamufikitsa pamalo ovuta, pomwe kumvera Mulungu kukumutayitsa kanthu kena, ndipo imatilola kuona mantha ake, kukayika kwake ndi pemphero lake popanda kubisa. Mkanjo wa wansembe kapena korona m'manja mwa wosewera sizokwanira. Mafilimu amene mwatchula aja ndimawaopa chifukwa amasandutsa pemphero kukhala malonda, kotero kuti munthu amene wapemphera zaka zambiri koma akuvutikabe ndi ntchito kapena mapepala amachokapo akudziona ngati Mulungu anamutaya.

Yoyamba imene ndikufuna kuti mphakati wanu uonere ndi Of Gods and Men ya mu 2010, imene anaikonza Xavier Beauvois wa ku France, ndipo inalandira mphoto ya Grand Prix ku chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes chaka chomwecho. Ndi nkhani yoona ya amonke a chipani cha Trappist amene ankakhala ku Tibhirine, m'mapiri a dziko la Algeria, pakati pa anthu osauka achisilamu. Ankalima, ankaweta njuchi, ankapita ku zikondwerero za anansi awo, ndipo mmodzi mwa iwo, Bulazala Luc, anali dokotala wokalamba amene ankathandiza odwala a m'mudzimo kwaulere. Nkhondo yapachiweniweni itabuka m'zaka za m'ma 1990 ndipo alendo atayamba kuphedwa, boma linawauza kuti achoke kapena alole asilikali kuwalondera. Filimu yonse yagona pa funso limodzi lokha, lakuti achoke kapena akhale. Timawaona atazungulira tebulo, wina akunena kuti sanabwere kudzafa, wina akuti akudwala, wina akulira usiku m'chipinda chake chifukwa akupemphera koma sakumva yankho. Mtsogoleri wawo, Bambo Christian de Chergé, poyamba akuyankha akuluakulu a boma yekha osafunsa anzake, ndipo abale akewo akumudzudzula kuti sanamusankhe kuti azigamula zinthu yekha. Pambuyo pa kupemphera ndi kukambirana nthawi yaitali ndi pamene onse akukweza manja kuti akhala. Usiku wa pa 26 March 1996 anthu onyamula mfuti anagwira asanu ndi awiri mwa iwo, ndipo patapita miyezi iwiri zinadziwika kuti aphedwa. Mpingo unawalengeza kuti ndi Odala pa 8 December 2018 mu mzinda wa Oran, pamodzi ndi ena 12 amene anafera chikhulupiriro m'dzikolo.

Ndaiika patsogolo filimuyi chifukwa funso la kuchoka kapena kukhala si lachilendo kwa ife. Amene analipo kuno mu May 2008, pamene ziwawa zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu oposa 60, akukumbukira mabanja amene anakhala pansi usiku kukambirana ngati akwere basi yobwerera kumudzi kapena apirire. Sindikunena kuti amene anabwerera analakwa, ndiponso filimuyi sinena zimenezo, pakuti wina mwa amonkewo anabisala pansi pa bedi n'kupulumuka ndipo palibe amene akumunyoza. Chimene ikuphunzitsa mphakati ndi m'mene anthu okhulupirira amafikira pa chigamulo chimodzi popanda kukakamiza wamantha. Ikuonetsanso ubale wa Akhristu ndi Asilamu umene ife a ku Mangochi, Machinga ndi Salima timaudziwa bwino, popeza m'mabanja ambiri muli zipembedzo zonse ziwiri.

Yachiwiri ndi Romero ya mu 1989, momwe Raul Julia akusewera ngati Arkiepiskopi Oscar Romero wa ku El Salvador. Pa luso la kajambulidwe siifika pa yoyamba ija, ndipo okonza anawonjezeramo zochitika zina kuti nkhani ikome, koma msana wake ndi woona. Romero anasankhidwa mu 1977 chifukwa olemera ndi akuluakulu a boma ankamuona ngati munthu wofatsa wokonda mabuku amene sangawavutitse. Patangopita masabata ochepa mnzake wapamtima, Bambo Rutilio Grande, anawomberedwa pa msewu pamodzi ndi bambo wina wachikulire ndi mnyamata, ndipo kuyambira pamenepo Romero anayamba kutchula pa wailesi mayina a anthu ophedwa ndi osowetsedwa. Pa 23 March 1980 anapempha asilikali mu ulaliki wake kuti aleke kupha abale awo, ndipo tsiku lotsatira anamuwombera akupereka nsembe ya Misa m'katchalitchi ka pa chipatala. Papa Francis anamulengeza kuti ndi Woyera pa 14 October 2018.

Mukatha kuionera, apempheni achikulire a mu mphakati wanu kuti afotokozere achinyamata za Lamulungu la pa 8 March 1992, pamene kalata ya maepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'Malawi monse, kudzudzula malipiro ochepa, kuchepa kwa mankhwala m'zipatala, kutsekera anthu popanda mlandu ndi kusowa kwa ufulu wolankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Ana ambiri obadwira kuno saidziwa mbiri imeneyi. Amene angathe akayenderenso tchalitchi cha Regina Mundi ku Soweto, kumene zizindikiro za zipolopolo za mu 1976 zikuonekabe.

Kwa sabata ina tengani Cabrini ya mu 2024, yonena za Sisitere Cabrini wa ku Italy amene anafika ku New York mu 1889 kudzasamala anthu a kwawo amene ankanyozedwa ndi kukhala m'malo auve, ndipo pomwalira mu 1917 anali atakhazikitsa sukulu, zipatala ndi nyumba za ana amasiye zokwana 67. Mpingo umamutenga ngati nkhoswe ya anthu osamukira m'mayiko ena. Chodandaulitsa changa ndi chakuti filimuyi ikuonetsa kwambiri kulimba mtima kwake koma pemphero lake silioneka mokwanira, ndipo chimenecho ndi chinthu chabwino choti mukachikambirane.

Za kaoneredwe, Of Gods and Men ili m'Chifalansa ndi m'Chiarabu, ndiye pamafunika kuwerenga mawu a Chingelezi olembedwa m'munsi. Sankhani munthu mmodzi aionere yekha pasadakhale, afotokoze nkhani yake mwachidule musanayambe, ndipo aziimitsa malo ochepa okha kuti amasulire, osati kulankhula mosalekeza monga amachitira m'nyumba zoonetsera mafilimu kumudzi, chifukwa mbali zambiri za filimuyi zimafuna bata. Musiyenso theka la ola lokambirana anthu asanathamangire ma taxi.

FUNSO: Ndinaonera filimu ya Silence ndekha usiku ndipo sindinagone. Wansembe akuponda chithunzi cha Ambuye Yesu, ndipo zikuoneka ngati filimuyo ikumuvomereza. Kodi sindinachimwe poionera? Nanga imeneyi tingaitchule kuti ndi ya Chikatolika? Ndine Bambo wa ku Randburg.

YANKHO: Bambo, simunachimwe, ndipo kusagona kwanuko kukusonyeza kuti munaionera ndi mtima wonse. Amene sanaionere adziwe kuti yankho ili likuulula mathero ake.

Filimuyi anaikonza Martin Scorsese mu 2016 kuchokera m'buku la mu 1966 la Shusaku Endo, wolemba wa ku Japan amene anali Mkatolika. Mbiri imene ili kumbuyo kwake ndi yoona. Francis Xavier Woyera anafikitsa Chikhristu ku Japan mu 1549, Akhristu 26 anapachikidwa ku Nagasaki mu 1597, ndipo mu 1614 chipembedzochi chinaletsedwa m'dziko lonse. Akuluakulu a boma ataona kuti kupha Akhristu kukungolimbitsa otsala, anasintha njira n'kuyamba kuwazunza pang'onopang'ono kuti akane okha, makamaka powapachika chadodolido m'dzenje, ndiponso powalamula kuponda chithunzi cha Khristu kapena cha Amayi Maria. Bambo Cristóvão Ferreira, amene ankatsogolera ansembe a chipani cha Jesuit kumeneko, anakanadi chikhulupiriro mu 1633 atazunzidwa motero. Bambo Rodrigues, wansembe amene akuponda chithunzi mu filimuyo, ndi wopeka, ngakhale nkhani yake ikufanana ndi ya ansembe ena enieni amene anagwidwa m'zaka zimenezo. Yesero lake ndi loopsa chifukwa amene akuzunzidwa si iye koma Akhristu ake, ndipo akumuuza kuti akaponda chithunzicho iwo amasulidwa.

Chiphunzitso cha Mpingo pa nkhaniyi sichinasinthe. Kukana Khristu ndi choipa, ndipo Paulo Woyera m'kalata yake kwa Aroma akukana maganizo oti tichite choipa kuti pabwere chabwino. Anyamata a ku Uganda, Charles Lwanga ndi anzake, amene anatenthedwa ku Namugongo pa 3 June 1886, ndiwo chitsanzo chimene timapatsa ana athu, ndipo n'koyenera kutero. Komabe Katekisimu wa Mpingo womwewo amaphunzitsa kuti mantha aakulu ndi kukakamizidwa zimachepetsa kulakwa kwa munthu, kotero kuti chiweruzo cha mtima wa amene wagwa pansi pa chizunzo ndi cha Mulungu yekha. Mpingo wa kuno ku Africa unalimbana ndi funso lomweli kalekale. Chitatha chizunzo cha mfumu Decius cha mu 250, Akhristu ambiri amene anapereka nsembe kwa mafano anafuna kubwerera, ena ankati asalandiridwenso, koma Cyprian Woyera wa ku Carthage ndi maepiskopi anzake anagamula mu 251 kuti alandiridwe atachita kulapa koyenera.

Pa liwu limene Rodrigues akulimva mu filimuyo likumuuza kuti aponde, Akatolika ophunzira amasiyana maganizo. Ena amati ndi Khristu amene akulola kunyozedwanso chifukwa cha anthu ake, ena amati ndi kudzinyenga kwa munthu wotopa, ndipo amatikumbutsa kuti tambala akulira atangoponda. Ine ndili kumbali ya amene salikhulupirira msanga liwulo, chifukwa filimu yomweyo ikuonetsa kuti kwa zaka zotsatira Rodrigues anathandiza boma kufufuza katundu wachikhristu wolowa m'dzikolo, ndipo moyo wake sukuoneka ngati wa munthu womasuka. Koma ndikukupemphani kuti mukadzaioneranso maso anu asakhale pa ansembe okha. Yang'anani alimi aja amene anamangiriridwa pa mitanda m'nyanja, mmodzi akuimba nyimbo mpaka kufa, ndiponso Kichijiro, chidakwa chamantha chimene chikukana Khristu mobwerezabwereza n'kumabwereranso kudzapempha sakramenti la kulapa. Ambiri a ife timafanana ndi iyeyo kuposa wina aliyense mu filimuyo. Ndipo mbiri ikuti anthu wamba otero, amene ankaponda chithunzi chaka ndi chaka n'kukalira kunyumba, ndiwo anasunga ubatizo ndi mapemphero popanda wansembe kwa zaka zoposa 200, mpaka pamene anadziulula kwa Bambo Bernard Petitjean m'tchalitchi cha Oura ku Nagasaki mu 1865.

Ndi filimu ya Chikatolika ndithu, koma ndi ya anthu okhwima m'chikhulupiriro, ndipo sindingaionetse kwa amene akuphunzira za ubatizo kapena kwa munthu amene ali pa chisoni chachikulu. Ngati ikukuvutitsanibe mumtima, kacheze nawoni Bambo Mfumu a parishi yanu.

FUNSO: Ndine wophunzira pa yunivesite ku Braamfontein. Anzanga amandiseka ndi filimu ya Spotlight kuti ndi umboni woti Mpingo wathu ndi wovunda. Kodi Mkatolika aionere? Komanso kodi zimene zili mu The Two Popes zinachitikadi? Ndine Mtsikana wa ku Braamfontein.

YANKHO: Achemwali, ioneni Spotlight, ndipo muione mosadziteteza. Filimuyi ya mu 2015 ikufotokoza m'mene atolankhani a nyuzipepala ya Boston Globe ku America anaululira mu January 2002 kuti ansembe ambiri ankachitira ana nkhanza zogonana, ndiponso kuti akuluakulu a dayosizi ankangowasamutsira ku maparishi ena m'malo mowapereka ku malamulo. Zimenezi zinachitikadi, Kadinala Bernard Law anatula pansi udindo wake mu December 2002, ndipo filimuyi itapambana mphoto ya Oscar mu 2016 nyuzipepala ya ku Vatican, L'Osservatore Romano, inalemba kuti si yodana ndi Chikatolika. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chakuti filimuyi siikuloza chala ansembe okha. Maloya ankadziwa, apolisi ankadziwa, makolo ena anauzidwa kuti akhale chete chifukwa cha ulemu wa Mpingo, ndipo ngakhale nyuzipepala yomweyo inali italandirapo uthenga zaka zam'mbuyo koma sinautsatire. Ife amene tinaleredwa kuti wamkulu salakwa ndipo za m'nyumba sizituluka panja tiyenera kuimva bwino mfundo imeneyi. Malamulo a dziko la South Africa amalamula aliyense amene akudziwa kuti mwana wachitiridwa nkhanza zotere kuti akanene ku polisi, ndipo mu 2019 Papa Francis anakhazikitsa lamulo lokakamiza ansembe ndi asisitere kuulula milandu yotere kwa akuluakulu a Mpingo. Anzanuwo musatsutsane nawo pa zimene zili zoona. Auzeni kuti inunso zikukupwetekani, ndipo ngati ali ofuna kumvetsa muwaitane adzaonere nanu Dead Man Walking ya mu 1995, nkhani ya Sisitere Helen Prejean amene ankayendera akaidi oyembekezera kuphedwa ku Louisiana popanda kuiwala makolo a anthu amene akaidiwo anapha. Mpingo womwewo uli ndi nkhope zonse ziwirizi, ndipo munthu woona mtima amayang'ana zonse.

The Two Popes ya mu 2019 ndi yokoma ndipo osewera ake, Anthony Hopkins ndi Jonathan Pryce, anagwira ntchito yotamandika, koma macheza aatali a Papa Benedict XVI ndi Kadinala Bergoglio (amene pambuyo pake anakhala Papa Francis), amene ali pakatikati pa filimuyo, ndi opeka. Zoona ndi zakuti Benedict anatula pansi udindo mu February 2013 ndipo Francis anasankhidwa pa 13 March chaka chomwecho. Muionere ngati sewero, ndipo musaigwiritse ntchito ngati umboni pa mtsutso.

FUNSO: Ine ndine Mkatolika koma mayi a kunyumba ndi a CCAP. Tikaika filimu ya oyera iwo amanyamuka kupita kukhitchini. Kodi ilipo imene tingaonere limodzi popanda wina kumva kuti akukokedwera ku mpingo wa mnzake? Ndine Bambo wa ku Kempton Park.

YANKHO: Bambo, yambani ndi Babette's Feast ya mu 1987, ya ku Denmark, imene ili pa mndandanda wa ku Vatican uja ngakhale pafupifupi anthu onse a m'nkhaniyo ndi a mpingo wa Lutheran. Babette ndi mayi wa ku France amene akuthawa ziwawa za ku Paris mu 1871 atataya mwamuna ndi mwana, n'kukafika pa kamudzi ka m'mbali mwa nyanja kumene akugwira ntchito ya m'nyumba kwa amayi awiri apachibale, ana a m'busa amene anamwalira. Kwa zaka 14 akuwaphikira chakudya chosakoma chimene iwo anazolowera, osawauza kuti kwawo anali katswiri wophika pa malo odyera otchuka. Atapata ndalama zokwana mafranki 10,000 pa mpikisano wa mwayi, onse akuganiza kuti abwerera kwawo, koma iye akuzithera zonse pa phwando limodzi la anthu 12, okalamba amene akhala akusungirana zifukwa kwa zaka zambiri, ndipo pa tebulo pomwepo akuyamba kukhululukirana. Akatolika amaonamo chithunzi cha Ukaristia, Apulotesitanti amaonamo chisomo chimene munthu sachigwirira ntchito, ndipo onse sakulakwa. Papa Francis anaitchula filimuyi m'kalata yake ya za banja, Amoris Laetitia, ya mu 2016. Ndikukhulupirira kuti amayi ndi abambo athu ambiri amene akugwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa ku Sandton ndi ku Fourways, ena a iwo aphunzitsi ndi amisiri amene mabwana awo sadziwa luso lawo, adzamumvetsa Babette msanga kuposa m'mene amamumvetsera anthu a ku Ulaya.

Mayiwo adzakondweranso ndi Chariots of Fire ya mu 1981, imene nayonso ili pa mndandanda womwewo, yonena za Eric Liddell wa ku Scotland, dziko limene kunachokera amishoni a ku Livingstonia ndi ku Blantyre. Iye anakana kuthamanga Lamulungu pa masewero a Olympics a ku Paris mu 1924, ndipo pambuyo pake anakatumikira ku China kumene anamwalira mu 1945 ali m'ndende ya nkhondo.

Mukazolowera kuonera limodzi, tengani A Hidden Life ya mu 2019, imene anaikonza Terrence Malick. Ndi yaitali pafupifupi maola atatu ndipo imayenda pang'onopang'ono, choncho muigawe masiku awiri. Franz Jägerstätter anali mlimi wa m'mudzi wa St Radegund ku Austria, wa ana aakazi atatu ang'onoang'ono, amene anakana kulumbira kuti adzakhala wokhulupirika kwa Hitler. Anthu a m'mudzi anasala banja lake, ansembe ngakhalenso episkopi anamulangiza kuti aganizire ana ake, ndipo anadulidwa mutu pa 9 August 1943. Ndikuitchula kwa inu chifukwa ndi filimu ya ukwati monga m'mene ilili ya chikumbumtima. Mkazi wake Franziska ndiye anatsala akulima yekha pakati pa anthu omunyoza, ndipo anakhala ndi moyo mpaka kudzaona mwamuna wake akulengezedwa kuti ndi Wodala ku Linz mu 2007, iye ali ndi zaka 94. Nkhani yofanana nayo ili pafupi nafe ku Limpopo. Benedict Daswa, mphunzitsi wamkulu ndi bambo wa ana asanu ndi atatu, anakana kusonkha R5 yolipira sing'anga woti aloze mfiti imene ankati ikubweretsa ziphaliwali m'mudzi, chifukwa ankadziwa kuti wolozedwayo aphedwa. Anamupha pa 2 February 1990, ndipo analengezedwa kuti ndi Wodala pa 13 September 2015 pafupi ndi Thohoyandou. Palibe wa CCAP kapena wa Katolika wochokera kumudzi kwathu amene sadziwa kulemera kwa kukana chimene mudzi wonse wagwirizana.

A Man for All Seasons ya mu 1966, yonena za Thomas More amene mfumu Henry VIII inamupha mu 1535, ndi filimu yapamwamba imene inapata mphoto za Oscar zisanu ndi imodzi, koma musayambe nayo. Ikukhudza kugawanika kwa mpingo wa ku England ndi Roma, ndiponso sinena za kuuma mtima kumene More yemweyo anaonetsa kwa Apulotesitanti pamene anali pa udindo, chinthu chimene mayiwo angakhale ndi ufulu wokukumbutsani.

FUNSO: Ana anga ali ndi zaka 9 ndi 12. Kodi ndingawaonetse The Passion of the Christ pa Lachisanu Loyera? Nanga mafilimu amene mumatchulawa tingawapeze kuti? Ndine Mayi wa ku Cosmo City.

YANKHO: Ayi Mayi, musawaonetse. Filimu imeneyi ya mu 2004 yathandiza akuluakulu ambiri kusinkhasinkha za masautso a Ambuye, koma kukwapulidwa ndi magazi zikuonetsedwa motalika kwambiri, ndipo mwana amatsala ndi mantha m'malo mwa chikondi. Pa tsikulo pitani nawo ku Njira ya Mtanda ku parishi. Kunyumba aonetseni The Song of Bernadette ya mu 1943, yonena za mtsikana wosauka ndi wodwaladwala wa ku Lourdes amene mu 1858 anaumirira pa zimene anaona ngakhale akuluakulu a boma ndi a Mpingo ankamuopseza. Ndi yakale, yopanda mitundu, koma ana amaitsatira bwino chifukwa mwini nkhani ndi wa msinkhu woyandikana ndi wawo. Wa zaka 12 angathenso kuonera nanu The Scarlet and the Black ya mu 1983, ya Monsignor Hugh O'Flaherty wa ku Ireland amene anabisa anthu zikwi zingapo mu mzinda wa Rome pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. The Mission ya mu 1986, ya ansembe a chipani cha Jesuit pakati pa anthu a mtundu wa Guaraní ku South America, muisungire pamene adzakule, chifukwa imatha ndi kuphedwa kwa anthu ambiri kuphatikizapo ana.

Pogula kapena pobwereka yang'anani chizindikiro cha bungwe la Film and Publication Board, chimene chimaonetsa zaka zoyenera monga PG, 13, 16 kapena 18, pamodzi ndi zilembo zochenjeza, V pa zachiwawa, L pa mawu otukwana, S pa zogonana. Atsopanowa amapezeka pa Netflix, Prime Video kapena pobwereka pa Apple TV, koma amasinthasintha malo, choncho fufuzani dzina lake sabata imodzi pasadakhale ndipo muikopere pa foni kapena pa kompyuta pamene pali Wi-Fi kuti data isakuthereni pakati pa filimu. Akalewo funsani ku sitolo ya mabuku ya asisitere a Paulines ku Kensington, kapena kwa Bambo Mfumu ndi makatekisiti, popeza maparishi ambiri akusungabe ma DVD. Zimbale zokopera za m'mbali mwa msewu muzipewe, chifukwa kuwonjezera pa kuphwanya malamulo nthawi zambiri mawu olembedwa m'munsi amakhala olakwika kapena mulibe. Filimu iliyonse imene mukufuna kuonetsa ana muyambe mwaionera nokha mpaka kumapeto.